Chitsulo chimene Durant analephera, ndi ntchito yeniyeni ya mapewa pa basketball

Mu 2007, anyamata ofuna kulowa mu NBA, ligi yaikulu ya basketball ya ku America, anawasonkhanitsa kuti awayeze matupi, monga zimakhalira chaka ndi chaka matimu asanasankhe osewera atsopano. Muyezo wina unali wogona chagada pa benchi n'kukankha chitsulo cha makilogalamu 84, anthu akuwerenga kuti chakwera kangati. Kevin Durant, wa zaka 18, wamtali ngati mlongoti, sanachikweze n'kamodzi komwe. Anamuseka. Timu ya Seattle inamutengabe pa nambala 2, ndipo pofika 2014 anali atatsogola kanayi pa kugoletsa mapointi mu ligi yonse, n'kusankhidwanso wosewera woposa onse chaka chimenecho.

Nkhaniyi amaikonda kwambiri anyamata odana ndi jimu. Mukaima pambali pa bwalo ku Katoto mumzinda wa Mzuzu Loweruka masana, simulephera kumva wina akuti, "Zitsulo zimaumitsa mkono aise, shot imathawa." Kwinaku kuli gulu lina, lomwe likangolowa m'kajimu ka kuseri kwa nyumba ku Chibavi kapena ku Zolozolo limathamangira pa benchi, n'kumalizira kupinda mikono pagalasi mpaka malaya athine. Onsewa aphonya. Pa basketball, mphamvu za mapewa, msana ndi mikono si zoponyera mpira. Ndi zoti munthu akagundidwa asachoke pamalo pake, ndiponso mpira usachoke m'manja mwake.

Mpira wa amuna, wa saizi 7, umalemera magalamu 600 ndi pang'ono, kuchepera paketi ya shuga. Wa amayi, saizi 6, ndi wopepukirapo. Ring'i ili mamita 3.05 kuchokera pansi, ndipo mzere wa mapointi atatu pa malamulo a FIBA, bungwe loyendetsa basketball padziko lonse, uli pa mamita 6.75. Mphamvu yofikitsa kampira kameneka pamenepo imachokera m'miyendo: mawondo ndi chiuno zikawongoka, imakwera ndi thupi, mkono n'kungoilondolera, zala n'kumalizitsa. N'chifukwa chake mtsikana wa Fomu 2 woonda amagoletsa ali kutali, pomwe chimphona cha pa benchi chikuponya mpira wosafika. Wosewera amene shot yake ikuperewera m'kota yomaliza, nthawi zambiri ndi miyendo yatha, osati mikono.

Tsono mapewa ntchito yake n'chiyani? Taonani rebound imodzi. Mpira wagunda ring'i, munthu walumpha, waugwira m'mwamba ndi manja awiri. Asanaponde pansi, manja a adani ali kale pa mpirawo, wina akuumenya chochokera pansi, wina akuukoka. Chimene chimaupulumutsa ndi zala ndi minofu ya kumunsi kwa chigongono zomwe zaupana, ndi minofu ikuluikulu ya kumsana yomwe ikuutsitsa msanga kufika pansi pa chibwano, zigongono zitatambasuka. Kapena taonani amene akulowa ndi mpira pansi pa ring'i. Ali m'malere, mdani amugunda paphewa. Ngati minofu ya m'mimba, ya m'nthiti ndi ya kumsana ili yofooka, thupi limapotoka, mapewa amapendekera, mpira n'kukagunda pansi pa bolodi. Ngati ili yolimba, mapewa amakhalabe atayang'ana ring'i kwa kamphindi kokwana kuti dzanja limalize ntchito, ndiye pamakhala mapointi awiri ndi mwayi woponya wa faulo. N'chimodzimodzi potchinga mnzako kuti adutse, potsekereza mdani kumbuyo podikira rebound, ndi poimika manja m'mwamba mowongoka kuti woyimbira asaimbe faulo pamene munthu wa makilogalamu 100 akukugwera pachifuwa.

Michael Jordan anaziphunzira ndi thupi lake. Timu ya Detroit Pistons inatulutsa Chicago Bulls, timu ya Jordan, mu 1988, mu 1989 ndi mu 1990, ndipo njira yawo inali yosabisa: akalowa pakati, mugwetseni. Jordan anayamba kunyamula zitsulo ndi mphunzitsi Tim Grover, n'kuwonjezera thupi ndi makilogalamu pafupifupi 7, pang'onopang'ono, osati chaka chimodzi. Mu 1991 Bulls inakwapula Pistons masewero anayi osabwezako, n'kukatenga chikho chake choyamba. Shot ya Jordan sinathawe. Giannis Antetokounmpo analowa mu Milwaukee Bucks mu 2013 ali ndi makilogalamu osakwana 90. Pamene amatenga chikho mu 2021 anali cha m'ma 110. Zina mwa izo n'kukula chabe, poti anatalikanso, koma zambiri ndi zaka za ntchito ya m'jimu. Ndipo Durant yemwe uja sanakhale woonda momwe analili pa zaka 18.

Chifukwa chake benchi imanamiza

Pa benchi, msana wanu watsamira thabwa. Mungakankhe kwambiri chifukwa pali chokugwirani kumbuyo. M'bwalo mulibe thabwa. Munthu ataimirira, ngakhale akhale wa nganga yotani, akakankha chinthu kutsogolo safika n'theka lomwe la kulemera kwa thupi lake asanayambe kubwerera m'mbuyo, pokhapokha atayedzamira ndi thupi lonse. Chimene chimaika malire ndi mapondedwe, chiuno ndi minofu yozungulira mimba. Kuwonjezera makilogalamu 20 pa benchi pomwe chiuno chili lendelende kuli ngati kuika injini ya lole pa felemu ya njinga.

Palinso nkhani ya kutalika kwa mikono. Durant akatambasula manja, kuchokera chala mpaka chala ndi mamita 2.25. Chitsulo chake chimayenda mtunda wautali kuposa cha munthu wamfupi wa chifuwa chotukuka, ndipo chikatsika kufika pachifuwa, zigongono zimapita kutali kumbuyo, phewa n'kukokeka kwambiri kutsogolo kwake. Mikono yomweyo imene imam'patsa mwayi m'bwalo ndiyo imam'langa pa benchi. Kwa wosewera wamtali, nambala ya pa benchi sikuuzani zambiri.

Phewa lenilenilo n'lopangidwa modabwitsa. Mutu wa fupa la mkono ndi wobulungira, koma pamene wakhala ndi posaya, ngati lalanje pa sosala. N'chifukwa chake mkono umazungulira mbali zonse, n'chifukwa chakenso umaguluka msanga kuposa mwendo. Chimene chimaugwira pakati ndi timinofu tinayi tozungulira mutu wa fupalo, timene achipatala amati rotator cuff, mothandizana ndi minofu yoyendetsa fupa lathyathyathya la kuseri kwa phewa. Timinofu timeneti sitioneka pagalasi, ndiye ambiri satilabadira. Munthu akamangokankha osakoka, chifuwa chimalimba n'kufupika, mapewa amagwera kutsogolo, ndipo akakweza mkono, mtsempha wa pamwamba umapanika pansi pa fupa. Ululu umayamba ngati kachibayo poponya, kenako usiku sagonera mbali imeneyo. Ngakhale akatswiri okhala ndi madokotala awoawo phewa limawagwetsa: mu Januwale 2015 Kobe Bryant anang'amba rotator cuff ya kumanja akupanga dunk (kulumpha n'kulowetsa mpira m'ring'i ndi dzanja chochokera pamwamba) ku New Orleans, sizoni yake n'kuthera pomwepo, ndipo mu Epulo chaka chomwecho phewa la kumanzere la Kevin Love linaguluka ku Boston mkono wake utakolana ndi wa Kelly Olynyk polimbirana mpira. Zitsulo sizingaletse ngozi zonse zotere, koma phewa lolimba kumbuyo limapirira zambiri.

Pa chifukwa chimenechi, aphunzitsi ambiri amatsata kalamulo kakuti pa seti iliyonse (maulendo angapo ochita motsatizana osapuma) yokankha pakhale ziwiri zokoka. Si lamulo la m'buku, koma kwa mnyamata amene watha zaka ziwiri pa benchi ndi mapushapu okha, n'koyenera ndithu.

Zochita zenizeni

Kukoka kuyambe. Mfumu yake ndi kudzikoka pa chitsulo chopingasa mpaka chibwano chidutse. Yambani mikono itawongokeratu, tsitsani mapewa kutali ndi makutu musanapinde zigongono, kwerani osaponya miyendo, ndipo tsikani mwa masekondi awiri kapena atatu. Wosewera wamtali ndi wolemera amavutika nazo, asachite manyazi. Akwere pa mpando, ayambire pamwamba, azingotsika pang'onopang'ono masekondi 5, maulendo 4 kapena 5 pa seti. Pakatha milungu ingapo, kukwera kumabwera kokha. Kwina ndi kukoka dambelo, kachitsulo kakafupi kolemera nsonga zonse ziwiri, ndi dzanja limodzi, bondo ndi dzanja linalo zili pa benchi, msana uli thyathyathya ngati tebulo. Chigongono chilunjike kuthumba la kumbuyo la kabudula, osati kudenga. Mukaona thupi likupotoka kuti chitsulo chikwere, chalemera, chepetsani.

Pa kukankha, madambelo amaposa chitsulo chachitali chifukwa dzanja lililonse limadzinyamulira katundu wake, ndipo zigongono zimapeza njira yake. Zisatambasuke kulingana ndi mapewa. Zikhale pakatikati, pakati pa nthiti ndi mzere wa mapewa. Kwa a mikono italiitali, kugona pansi penipeni m'malo mwa benchi n'kwabwino, chifukwa simenti imaimitsa chigongono phewa lisanakokeke. Koma chimene chimafanana kwambiri ndi zochitika m'bwalo ndi ichi: tengani chitsulo chachitali, nsonga imodzi muitsamiritse pakona ya khoma mutaikira chisanza, inayo muikepo katundu, muigwire ndi dzanja limodzi paphewa, n'kukankha chokwera kutsogolo mutaimirira, mwendo wina uli patsogolo. Palibe chokugwirani kumsana, ndiye mimba ndi chiuno ziyenera kulimba kuti musapotoke. Mkono sufikanso pamwamba penipeni pa mutu, pamene mapewa ambiri amadandaulira.

Timinofu tinayi tija sitifuna katundu wolemera. Legeni ya chubu cha njinga ndi yokwana. Imangeni pa chitsulo cha zenera molingana ndi mchombo, imani chammbali, chigongono chikhale chopinda ndi chomamatira m'nthiti mutapanirapo kathaulo, n'kukokera dzanja kunja ngati mukutsegula chitseko. Maulendo 15 mpaka 20, maseti awiri, mbali zonse. Kenako ikwezeni ifike pankhope, muikoke ndi manja awiri chakumakutu, mafupa a kumsana akumane. Zimatenga mphindi zisanu, n'zotopetsa mtima, ndipo ndi zimene anthu amayamba kusiya.

Zala ndi mimba zimalimbira limodzi mukanyamula katundu n'kuyenda naye. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, choncho chigubu cha malita 20 n'chitsulo choyezedwa kale. Ziwiri, china uku china uku, mamita 30, mapewa osagwa. Kenako chimodzi chokha, dzanja limodzi, osapendekera mbali. Chachiwirichi n'chimene chimaphunzitsa thupi kukana kugundidwa chammbali. Amayi otunga madzi angaseke kuona anyamata akuchita zimenezi, koma misana yawo ndi umboni wokwanira.

Chotsala ndi liwiro. Mpira wakutha muuboole, muthiremo mchenga wouma mpaka makilogalamu 3 kapena 4, mumate ndi chigamba cha chubu. Uponyeni pakhoma la njerwa kuchokera pachifuwa, kuchokera pamwamba pa mutu, ndi chammbali mukuzungulira m'chiuno. Maulendo 5 kapena 6 okha pa seti, ulendo uliwonse ndi mphamvu zonse. Liwiro likangotsika, seti yatha, ngakhale nambala isanakwane. Mpirawo ukalemera kupyola makilogalamu 4 suthamanganso, phindu lake n'kutayika.

Kuchuluka kwake kumadalira nyengo. Ligi ikaima, ndiyo nthawi yomanga: masiku atatu pa mlungu, maseti 3 kapena 4 a maulendo 8 mpaka 12, kupuma mphindi imodzi ndi theka kapena ziwiri, kwa milungu 6 kapena 8. Katundu woyenera ndi amene mukamaliza seti mukumva kuti mukanatha kuwonjezera maulendo awiri okha. Mukafika pa 12 m'maseti onse masiku awiri otsatizana, wonjezerani makilogalamu 2 kapena 2.5, osapyola. Ligi ikamayandikira, katundu akwere, maulendo atsike kufika pa 3 mpaka 6, kupuma kutalike kufika mphindi zitatu. Apa simukufuna nyama yambiri. Mukuphunzitsa ubongo kulamula nyama imene ilipo kale kuti igwire ntchito yonse pakamodzi.

Ligi ikayamba ndi pamene ambiri amalakwitsa. Ena amasiyiratu zitsulo, ndipo pakatha miyezi iwiri, pomwe masewero akufika pa ndime yofunika, amakhala atabwerera pamene anayambira. Mu NBA amasewera masewero 82 kuyambira Okutobala mpaka Epulo, nthawi zina masiku awiri otsatizana, koma salekeza. Amadula maseti, katundu n'kumusiya wolemera, mphindi 20 kapena 30 basi. Osewera ambiri amalowa m'jimu usiku womwewo masewero atangotha. Zimaoneka ngati misala, koma nzeru yake ndi yakuti tsiku lolemetsa lilemereretu, kuti lotsatira likhale lopumadi. Kwa matimu a kuno osewera Loweruka ndi Lamulungu, ndondomeko yake ndi yosavuta: zolemera Lachiwiri, zopepuka ndi zachangu Lachinayi, Lachisanu osakhudza chitsulo.

Nanga shot ija yothawa?

Anyamata a ku Katoto sakunama kwenikweni. Mukangotsika pa zitsulo n'kutenga mpira, umaoneka wopepuka modabwitsa, mkono sukumva bwino, ndipo mpira umapyola kapena kuperewera. Kumeneko n'kutopa kwa minofu, kumatha pa maola angapo kapena tsiku. Vuto lokhalitsa limabwera munthu akatha miyezi itatu m'jimu osagwira mpira. Ubongo umakhala ukukumbukira mkono wakale pomwe mkonowo wasintha. Mankhwala ake n'kusalekanitsa ziwirizi. Tsiku lililonse la zitsulo lithere pa bwalo: kuponya 50 mpaka 100, kuyambira mita imodzi kuchokera pa ring'i ndi dzanja limodzi, n'kumabwerera m'mbuyo phazi limodzilimodzi mpaka pamzere wa faulo. Zoponya kutali muzisiyire tsiku lina. Ndipo tsiku lophunzira kaponyedwe katsopano, mpira uyambe, zitsulo zitsatire. Za kuuma kwa mkono, zimachitikira amene amanyamula motheka-theka, chigongono osachiwongola. Wotsitsa mpaka pansi n'kukweza mpaka pamwamba sauma.

Zitsulo zambiri za m'makwalala athu ndi zowotcherera kapena za simenti youmbira m'zitini za penti. Zimagwira ntchito, koma zili ndi misampha. Mbali ziwiri sizilemera mofanana kawirikawiri, ndipo kusiyana kwa kilogalamu imodzi ndi theka, kobwerezedwa miyezi, kumathera paphewa limodzi. Pitani nazo pa sikelo ya ogula chimanga, muyeze mbali iliyonse, mulembe ndi penti. Simenti imagumuka m'mphepete, choncho yezaninso pakapita nthawi. Paipi yamadzi yopyapyala imapindika mwadzidzidzi. Ndipo pa benchi, chala chachikulu chizungulire chitsulo nthawi zonse, pakhalenso munthu kumutu. Chitsulo chikaterereka chimagwera pakhosi, ndipo anthu amafa nazo. Muli nokha, gwiritsani madambelo, omwe mungathe kuwataya pambali.

Kuzizira kwa Mzuzu m'miyezi ya Juni ndi Julayi n'koyenera kukuwerengera. M'mawa wa nkhungu, mphindi 10 zoyamba zikhale za kulumpha chingwe, kuzunguza mikono ndi legeni ija, juzi ili m'thupi, mpaka kathukuta kaoneke. Kenako maseti awiri opepuka musanafike pa katundu weniweni.

Popanda chakudya, zonsezi n'kungodzitopetsa. Womanga thupi amafunika magalamu 1.6 mpaka 2.2 a mapuloteni pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku. Wa makilogalamu 75 ndiye kuti 120 mpaka 165. Dzira limodzi lili ndi 6 okha. Magalamu 100 a soya pieces zouma ali ndi pafupifupi 50, a mtedza 25, a nyemba zouma 20 ndi pang'ono, ndipo theka la lita ya mkaka limapereka cha m'ma 16. Usipa wouma wa ku Nkhata Bay ndi chuma chimene timachipeputsa: kuposa theka la kulemera kwake ndi mapuloteni. Nsima, mpunga wa ku Karonga, mbatata ndi nthochi ndi mafuta a injini, ndipo wosewera wothamanga maola awiri patsiku asazichepetse. Kondowole amakhutitsa, koma chinangwa chili ndi mapuloteni ochepa kwambiri, ndiye ndiwo zichuluke. Gawani mapuloteniwo pa zakudya zitatu kapena zinayi, osati mulu umodzi usiku. Nyama yeniyeni imabwera mochedwa, theka la kilogalamu kapena imodzi pa mwezi kwa woyamba kumene. Sikelo ikakwera makilogalamu 4 m'mwezi umodzi, ambiri mwa iwo ndi mafuta, ndipo mawondo ndi amene adzalipire polumpha. Tulo ta maola 8 n'tofunika kuposa chitini chilichonse cha ufa wa m'shopu. Jakisoni ndi mapiritsi okulitsa thupi amawononga chiwindi ndi mtima, ndipo m'mipikisano ya FIBA ngoletsedwa.

Makolo amaopa kuti zitsulo zimapinimbiritsa ana. Mwana wa zaka 13 kapena 14 wonyamula katundu wopepuka, wamkulu wodziwa akuyang'anira, sapinimbira. Choopsa ndi mpikisano wa "ndani anyamule cholemera" popanda woyang'anira. Atsikana nawo asaope kuti asanduka zimphona. Thupi lawo silimanga nyama msanga choncho, koma mphamvu zimakwera bwino lomwe, ndipo pansi pa ring'i kusiyana kumaoneka.

Kuphwanya kwa minofu kumene kumabwera tsiku lotsatira, n'kukula tsiku lachiwiri, n'kutha pofika lachitatu kapena lachinayi, si vuto. Ululu wobaya pamalo amodzi mkati mwa phewa, wodzutsa usiku, kapena mkono wofooka mwadzidzidzi pokweza, umenewo ngwa kuchipatala. Phewa likaguluka m'bwalo, anzake asalikoke kuti alibwezere. Pangakhale fupa lothyoka kapena mtsempha wopanika. Mkono aukoleke pansalu momwe ulili, apite naye. Kwa achinyamata, phewa loguluka kamodzi limakonda kubwereza, choncho kuthamangira kubwerera m'bwalo ululu utangotha n'kudziputira zina.

Mphamvu za m'jimu sizisamukira zokha m'bwalo, ziyenera kulondoleredwa. Pezani chidutswa cha matiresi akale, muchipinde pawiri, muchimange ndi legeni. Mmodzi achigwire pachifuwa ataima pansi pa ring'i. Winayo alowe ndi mpira, ndipo akangonyamuka, wa matiresi am'gunde paphewa kapena m'nthiti, osati kumsana kapena m'miyendo, mwamphamvu yokwana kum'sokoneza koma osam'gwetsa. Woloŵayo mpira augwire ndi manja awiri mpaka kugundako kutadutsa, maso pa bolodi, kenako amalize. Khumi kumanja, khumi kumanzere, n'kusinthana. Lembani kuti alowetsa ingati mwa 20, ndipo muyezenso pakatha milungu 6.